David Gulpilil sanachite kutoledwa m'tchire

Mu 1969 mzungu wina wa ku Britain wojambula mafilimu, Nicolas Roeg, anafika ku Maningrida, kamudzi ka boma ka m'mphepete mwa nyanja ku Arnhem Land, kumpoto kwenikweni kwa Australia, makilomita pafupifupi 500 kum'mawa kwa mzinda wa Darwin. Ankafuna mnyamata wa mtundu wa Aaborijini, eni nthaka oyamba a dzikolo, woti asewere mufilimu yake. Nkhani imene imakambidwa n'njakuti anafunsa akuluakulu a pamalopo kuti katswiri wovina kuposa onse ndani, ndipo iwo analoza mnyamata wamtali, wochepa thupi, wa zaka ngati 16. Dzina lake David Gulpilil.

Olemba mbiri ya mkuluyu amakonda kuyambira pamenepa. Amati Roeg "anamutulukira", kenako n'kuwonjezera kuti mnyamatayo sanapondeko pasukulu ya zisudzo, luso lake linali lachibadwa. Ine mawu amenewa sandikhalira bwino. Kuti funso la Roeg likhale ndi yankho, ndiye kuti panali anthu odziwa kusiyanitsa wovina weniweni ndi wongopondaponda. Panali muyeso, panali aphunzitsi, panalinso amene ankalephera. Mnyamata amene analozedwayo anali pamaphunziro kuyambira ali mwana wakhanda kumbuyo, ndipo tsiku limenelo aphunzitsi ake ndi amene anamuvomereza pamaso pa mlendo. Mlendoyo anatenga wophunzira wabwino kwambiri m'kalasi, dziko lonse n'kumamuyamikira kuti ali ndi diso.

Gulpilil anali wa mtundu wa Ayolngu. Dziko lawo lili kumpoto chakum'mawa kwa Arnhem Land, dera lalikulu ngati mtunda wonse wa Malawi tikachotsapo nyanja, koma lokhala anthu ochepa zedi. Boma linalipatula mu 1931 kukhala malo a eni nthaka okha, ndipo ngakhale amishoni ndi akuluakulu a boma analowamo, mafamu a azungu sanalimeze monga zinachitikira kum'mwera. N'chifukwa chake zilankhulo ndi miyambo zinakhalabe ndi mphamvu kumeneko pamene kwina zinali zitaphwanyidwa. Tsiku lake lobadwa, 1 July 1953, amishoni anachita kulingalira; iye anabadwira kutchire, kopanda kaundula. Anakula akulankhula zilankhulo zingapo za kwawoko asanadziwe liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi, ndipo ankasimba yekha kuti mzungu anayamba kumuona ali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu.

Tsono kuvina kumene akuluwo ankayesa n'kotani? Ayolngu amautcha bunggul, ndipo suyenda wokha. Umamangirizika ku nyimbo za mafuko zotchedwa manikay, ndipo nyimbo iliyonse ili ndi eni ake. Kwa iwo chilichonse, munthu, mbalame, dambo, mphepo, nyimbo, chili kumbali imodzi mwa mbali ziwiri, Dhuwa kapena Yirritja, ndipo mwana amatenga mbali ya bambo ake n'kukwatira kumbali inayo. Choncho asanakweze n'komwe phazi, wovina ayenera kudziwa kuti nyimbo iyi ndi ya bambo anga, iyi ndi ya kwa mayi anga ndipo udindo wanga pa iyo ndi wakutiwakuti, iyi sindiyenera kuikhudza. Woimba amagundanitsa timitengo tiwiri totchedwa bilma, wina amaliza yidaki, chitoliro chachitali cha mtengo umene chiswe chinadya m'kati. Ndime iliyonse ndi yaifupi, imatha mwadzidzidzi, ndipo wovina ayenera kuima pomwe nyimbo yaimira, osati kamphindi pambuyo pake. Amene anakulira kumene kuli gule wamkulu sangavutike kumvetsa mfundo yake: chimene mlendo amaona pabwalo ngati chisangalalo chimakhala ndi malamulo ake kudambwe, ndipo palibe amangodzuka n'kukhala katswiri.

Chimene chimavinidwa ndi zamoyo za m'dzikomo ndi mizimu ya makolo imene inazilenga: mbalame ya miyendo italiitali yotchedwa brolga, emu, kangaroo, nsomba, mvula ikamabwera kuchokera kunyanja. Kuti uvine brolga anthu n'kuvomera, uyenera kuti unakhalapo chete m'dambo nthawi yaitali ukuiyang'ana mmene imapindira khosi, mmene imaimira mwendo uli m'mwamba ikamva kaphokoso, mmene diso limatembenukira mutu usanatembenuke. Maphunziro amenewo ndi omwewo a mlenje, ndi omwewonso a munthu wolondola mapazi. Gulpilil anali zonse zitatu. Ndiye kamera itamuloza, inapeza munthu amene anaphunzira kale chinthu chimene osewera ambiri amathera zaka akuchisaka: kukhala phee koma thupi lonse likulankhula, ndi kudziwa nthawi yeniyeni yosuntha.

Filimu ya Roeg ija, Walkabout, inatuluka mu 1971. Mtsikana wachizungu ndi mlongo wake wamng'ono asiyidwa okha m'chipululu bambo awo atapenga n'kudzipha. Ludzu latsala pang'ono kuwamaliza, agona pachitsime chouma, ndiye patali patulukira mnyamata, abuluzi amene wapha akulendewera m'chiuno. Mtsikanayo akumuuza m'Chingerezi kuti akufuna madzi, akubwereza mokweza ngati kuti vuto ndi makutu. Kamwanako kangoloza pakhosi n'kuchita ngati kakumeza. Mnyamatayo aseka, atenga kabango, akazika m'matope ouma aja n'kuwaonetsa kuyamwa madzi apansi. Kuseka kumeneko ndi kumene kumandigwira mtima. Mulibe mantha, mulibe kugonja, mulibenso ukali. Ndi kuseka kwa mwini mudzi amene waona alendo akufa ndi ludzu atakhalira madzi.

Chakumapeto kuli gule amene aliyense woonera filimuyi saiwala. Atatuwa afika panyumba ya pafamu yosiyidwa. Mnyamata adzipaka dothi loyera thupi lonse, n'kuyamba kuvina kunja, kufunsira mtsikanayo mwa mwambo wa kwawo. Avina usana wonse, avina usiku. Mtsikanayo sakumvetsa, wagwidwa ndi mantha, akubisala kuseri kwa makoma. Miyendo ya wovinayo iyamba kulemera, koma sakusiya, nkhope ikuchita kunjenjemera ndi kutopa. Kutacha amupeza atafa, ali lende mumtengo. Mathero amenewa anawalemba ndi azungu, ndipo muli maganizo akale aja akuti Mwaborijini akakumana ndi chitukuko ayenera kufota n'kufa. Koma kuvinako sanamulembere munthu. Roeg sakanatha kumuphunzitsa ngakhale phazi limodzi.

Nazi zinthu ziwiri zazing'ono zimene zimaulula mmene ankamuonera. Zonse zimene mnyamatayo amalankhula mufilimuyi m'chilankhulo chake sanazimasulire m'munsi mwa chithunzi, ndiye kwa oonera ambiri zinangokhala phokoso lokoma. Ndipo pamndandanda wa mayina analemba dzina lake molakwika: Gumpilil.

Kuti timuweruze bwino Roeg, tikumbukire nthawi yake. Ndi mu 1967 mommuno pamene anthu a ku Australia, oposa 90 pa 100 alionse, anavota pa riferendamu kuti Aaborijini aziwerengedwa nawo pa kalembera wa dziko. Chaka chomwecho kunatuluka filimu ya Journey Out of Darkness, mmene mzungu Ed Devereaux anadetsedwa nkhope kuti asewere ngati Mwaborijini. Mu 1972 wailesi ya kanema inayamba kuonetsa Boney, nkhani ya wapolisi wofufuza milandu wamagazi achiaborijini, ndipo udindowo anaupereka kwa James Laurenson wa ku New Zealand, naye atamupaka zodetsa. Gulpilil ankaoneka m'magawo ena a sewerolo, pambali, kuthandizira mzungu amene ankayerekeza kukhala iye. Analipo amene anamutsogolera, Robert Tudawali, yemwe anatchuka ndi filimu ya Jedda mu 1955, koma kutchukako sikunamupatse kanthu. Anamwalira mu 1967 ali wosauka ndi wodwala.

Mnyamata wa ku Maningrida uja anapezeka ali ku London ndi ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, atavala suti, akuonetsedwa kwa Mfumukazi Elizabeth. Ankasimba kuti anakumana ndi John Lennon, Bob Marley, Muhammad Ali ndi Bruce Lee. Chingerezi anachitola m'njira momwemo. Anatolanso mowa. Iye mwini sankabisa kuti kumwa anakuphunzira kwa anzake a m'mafilimu, akuluakulu amene ankaona kuti kuledzeretsa mnyamata wa kutchire ndi nthabwala.

Zaka za m'ma 1970 zinamuyendera bwino pantchito. Mu 1976 anasewera ndi Dennis Hopper mu Mad Dog Morgan, ndipo chaka chomwecho anali Fingerbone Bill mu Storm Boy, nkhani ya kamnyamata kolera vuwo m'mphepete mwa nyanja ku Coorong, imene ana asukulu a ku Australia anakula akuionera. Mu 1977 Peter Weir anamutenga mu The Last Wave. Pakati pa zonsezi sanasiye bwalo: ankasonkhanitsa magulu a ovina ndi oimba n'kumayenda nawo m'zikondwerero, ndipo mpikisano wovina wa ku Darwin anaupambana kanayi. Mu 1979 kunatuluka buku la ana la nthano za makolo zimene iye anasimba. Koma taonani chinthu china. Coorong ndi dziko la Angarrindjeri, makilomita masauzande kuchokera kwawo, anthu a chilankhulo china ndi miyambo ina. Azungu asanabwere ku Australia kunali zilankhulo zoposa 250. Kwa opanga mafilimu zonsezo zinali mtundu umodzi, ndipo nkhope ya mtunduwo inali Gulpilil. Kulikonse kumene nkhani yafuna Mwaborijini, kaya ndi kuchipululu, kaya ndi kumzinda, ankaitana yemweyo.

Ambiri a ife tinamuona koyamba osadziwa dzina lake, m'zipinda zoonetsera mavidiyo, mu Crocodile Dundee ya 1986. Ndi uja amatulukira mumdima, nkhope yopakidwa zoyera, mtolankhani wachimereka n'kuchita mantha, kenako tiona kuti wavala jinzi ndi wotchi. Mayiyo akweza kamera, iye amuuza kuti sangamujambule. Mayiyo apepesa, kuganiza kuti mwina amakhulupirira kuti chithunzi chimalanda mzimu. Ayi, atero Neville (ndilo dzina lake mufilimumo), simunachotse chivundikiro cha kamera. Kenako alowa m'tchire, timva akupunthwa mumdima, akutukwana kuti tchire amadana nalo. Ndi mphindi zochepa chabe, koma ndi pamene filimu yonse imachenjera kuposa mwini wake. Munthu amene akanatha kuyenda m'tchire limenelo atatseka maso akuseweretsa oonera amene ankayembekezera mfiti ya m'nkhalango.

Filimuyi inapanga ndalama zoposa madola a ku America 300 miliyoni. Gulpilil analandira madola a ku Australia 10,000.

Apa ndi pamene nkhani ya "luso lachibadwa" imaonetsa mano ake. Munthu amene anapita kusukulu ya zisudzo ku Sydney kapena ku London amalipidwa chifukwa cha zimene anaphunzira. Amene luso lake ndi "lachibadwa" amaonedwa ngati sakugwira ntchito n'komwe, akungokhala mmene alili, ngati mtengo kapena phiri limene lalowa m'chithunzi. Phiri sililipidwa. Sindikunena kuti aliyense amene anamulemba ntchito ankaganiza moipa chotero, koma mtengo umene anamuikira unachokera m'maganizo amenewo. Mu 1987 boma linamupatsa ulemu wa Order of Australia. Mendulo anali nayo, koma pamene Darlene Johnson anakamujambula kwawo ku Ramingining, mufilimu ya mbiri yake imene inatuluka mu 2002, anamupeza akukhala m'chisakasa cha malata, chakudya akuchipeza ndi mkondo ndi mfuti.

Azungu ena poona zimenezi ankafunsa kuti ndalama zake zinkapita kuti. Funso limeneli kwa ife silovuta. Pakati pa Ayolngu munthu aliyense ndi m'bale wa aliyense mwa njira yodziwika, ndipo m'bale akapempha sukana. Galimoto imene wagula ndi ya fuko, cheke chimene walandira chimatha sabata isanathe. Chibale n'fupa, sichiola, koma chimalemera ukakhala kuti wolandira malipiro ndiwe wekha pakati pa anthu mazana. Zina zinapita ku mowa, zimenezo n'zoona. Koma ngakhale akanakhala wosunga bwanji, madola 10,000 sakanamanga nyumba.

Zaka za m'ma 1990 ntchito inachepa. Ndiye mu 2002, ali pafupi zaka 50, anabwera ndi mafilimu awiri, onse akusewera munthu wolondola mapazi wotumikira apolisi achizungu. Anthu oterewa analikodi m'mbiri ya Australia, ndipo malo awo ndi owawa: luso la makolo awo linkagwiritsidwa ntchito kusaka abale awo omwe.

Rabbit-Proof Fence ya Phillip Noyce ikukamba zimene zinachitikadi mu 1931. Atsikana atatu, Molly, Daisy ndi Gracie, analandidwa kwa amayi awo ku Jigalong potsatira ndondomeko ya boma yochotsa ana amagazi osakanikirana m'mabanja awo, n'kutumizidwa kumalo osungira ana ku Moore River. Anathawa, nayenda wapansi milungu isanu ndi inayi akutsata mpanda wa waya umene unamangidwa kutchinga akalulu. Gulpilil ndi Moodoo, wotumidwa kukawagwira, amene mwana wake yemwe ali m'manja mwa boma pamalo omwewo. Mawu amene amalankhula mufilimu yonse mungawawerenge ndi zala. Ntchito yonse ili m'maso ndi m'khosi. Atsikana aja ayenda m'madzi kuti mapazi asaoneke, kwina avala masokosi n'kuponda pamiyala. Moodoo afika, ayang'ana pansi, ayang'ana kutsogolo, ndipo pakona ya mlomo pabwera kakumwetulira kamene wapolisi amene ali naye sakukaona. Woonera amadziwa nthawi yomweyo kuti waona zonse, ndipo wasankha kusaona. Palibe chiganizo chimene chikunena zimenezi. Ndi brolga uja, diso kutembenuka mutu usanatembenuke.

The Tracker ya Rolf de Heer ndiyo inali yoyamba kumusenzetsa filimu yonse, patatha zaka 30 ali pantchito. Nkhani yake ili mu 1922: azungu atatu pa akavalo akusaka Mwaborijini woganiziridwa kuti anapha mayi wachizungu, ndipo wowatsogolera akuyenda wapansi, pambuyo pake atamangidwa unyolo m'khosi. Amavomera chilichonse, bwana, inde bwana, akumwetulira, ndipo pang'onopang'ono umazindikira kuti gulu lonselo likuyenda pa nthawi yake ndi m'njira yake. De Heer sanaonetse kuphana pa kamera. Zikafika pamenepo chithunzi chimasanduka chojambula pamanja cha Peter Coad, phokoso lokha n'kumapitirira. Chimene chimatsala m'maso mwako ndi nkhope ya womangidwayo. Pa ntchito imeneyi Gulpilil analandira mphotho ya wosewera wamwamuna wopambana ku Australia. Mu 2004 anaima yekha pabwalo la zisudzo ku Adelaide akusimba moyo wake, ndipo chaka chomwecho chithunzi chake chojambulidwa ndi Craig Ruddy chinapambana mphotho ya Archibald.

Uphunzitsi wake umaoneka bwino pa zimene zinatsatira. Anakakamira de Heer kuti apite ku Ramingining akapange filimu ndi anthu akwawo, m'dziko lakwawo. Atapita, Gulpilil anamuonetsa chithunzi chakale chimene Donald Thomson, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anajambula m'zaka za m'ma 1930: amuna khumi ataimirira m'mabwato a khungwa pa dambo lalikulu la Arafura, pa ulendo wokatola mazira a atsekwe. Anthu a m'mudzimo ankatha kuloza kuti uyu ndi agogo a uje, uyu ndi bambo a uje. Mabwato oterowo anali atasiya kupangidwa kwa zaka zambiri. Kuti filimu itheke, panafunika kuti amuna achikulire akumbukire, ayang'anitsitse zithunzi za Thomson, asende khungwa, aliwambe pamoto, alisoke, anyamata akuonerera ndi kugwira nawo. Ankajambula ali m'madzi ofika m'chiuno, misundu ndi udzudzu zikuwadya, wina atakwera mumtengo kuyang'anira ng'ona.

Ten Canoes inatuluka mu 2006, filimu yaitali yoyamba imene osewera onse amalankhula zilankhulo za Aaborijini, ndipo inalandira mphotho yapadera ku Cannes. De Heer anaitsogolera pamodzi ndi Peter Djigirr wa komweko. Gulpilil mwiniwake, amene anayambitsa zonse, anachoka kujambula kusanayambe; ubale wake ndi kwawo unali utayamba kale kuvuta. Mwana wake Jamie ndiye anasewera mnyamata wa m'nkhaniyo. Bamboyo anabwerera pomaliza kudzakhala wosimba, ndipo mawu ake ndi amene amatsegula filimu: ayamba ngati nthano za azungu zija za kalekale kudziko lakutali, aphulika kuseka, n'kunena kuti akungocheza, nkhani yake si yotero. Kuyambira pamenepo amakuphunzitsa kumvera nthano imene imachita nthambi, imene sithamangira kumathero, ndipo ukatopa amakuseka. M'kati mwake muli mwamuna wovulazidwa ndi mkondo amene amadzuka n'kuvina gule wa imfa yake yomwe mpaka kugwa, anzake n'kupitiriza pamene iye walekera. Dzina la mwamunayo ndi Ridjimiraril, limodzi mwa mayina a Gulpilil.

Pali mbali imene okonda mkuluyu amailumpha, kapena amaikulunga m'mawu ofewa akuti "anali pakati pa maiko awiri". Atasewera mu Australia ya Baz Luhrmann mu 2008, filimu ya ndalama zankhaninkhani, ankapezeka akugona m'maudzu kunja kwa Darwin pamodzi ndi ena amene mowa unawathamangitsa kwawo. Mu 2011 khoti linamugamula kukakhala kundende chaka chimodzi chifukwa chomenya mkazi wake ndi tsache mpaka kumuthyola mkono, ataledzera. Ndingathe kufotokoza mmene mowa unamupezera, ndi amene anamupatsa botolo loyamba, ndi mmene dziko linamudyera masuku pamutu. Zonsezo n'zoona, koma mkono umene unathyoka unali wa mayi wachiaborijini, ndipo amayi ngati iyeyo ku Northern Territory, chigawo chimene muli Darwin ndi Arnhem Land, amamenyedwa mochuluka koopsa. Maiko awiri sanagwire tsache lija. Analigwira ndi iye.

De Heer anakamuona kundende ya Berrimah. Anamupeza atametedwa, atawonda, wopanda chiyembekezo, ndipo atamufunsa chimene akufuna kuchita akatuluka, anati akufuna filimu ina. Charlie's Country anailemba awiriwa, ndipo ngakhale si mbiri yake ndendende, muli zambiri za moyo wake. Nthawi yake ndi ya pambuyo pa 2007, pamene boma la John Howard linalowerera m'midzi ya Aaborijini ku Northern Territory ndi malamulo apadera: kuletsa mowa, kulamulira kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zothandizira anthu, kuchulutsa apolisi, mpaka kuimika kaye lamulo loletsa tsankho kuti zimenezi zitheke. Charlie ndi mkulu wa m'mudzi wotero. Chakudya cha m'sitolo chikumudwalitsa, ndiye apita kukasaka. Apolisi amulanda mfuti poti alibe chiphaso. Asema mkondo, amulandanso poti ndi chida choopsa. Apolisi omwewo akafuna kugwira ogulitsa chamba amabwera kudzamupempha kuti awalondolere. Athawira kutchire kukakhala monga makolo, mvula imupeza, chifuwa chimugwetsa, ndege imutengera kuchipatala ku Darwin, ndipo kuchoka apo ndi mowa, kuphwanya galasi la galimoto ya polisi, ndende.

Kundendeko kuli chithunzi chimene kamera siisuntha. Charlie wakhala, makina ometera akudutsa m'tsitsi lake la imvi ndi m'ndevu, mpaka mpala. Salankhula, salira. Nkhope ikungosintha pang'onopang'ono pamaso pako kuchoka pa mkulu wa fuko kufika pa mkaidi wamba. Munthu amene anametedwadi choncho zaka ziwiri m'mbuyomo anavomera kukhalanso pampando umenewo kuti anthu aone. Mu 2014 ku Cannes anamupatsa mphotho ya wosewera wamwamuna wopambana m'gawo la Un Certain Regard.

Mufilimu yonseyi akuluakulu a m'mudzi amamupempha Charlie chinthu chimodzi: aphunzitse anyamata kuvina. Iye amakana, amati pitani kwa uje. Amangosunga kachithunzi kakale ka tsiku limene anavina pamaso pa Mfumukazi potsegulira Sydney Opera House, n'kumakayang'ana yekha. Pomaliza, atabwerako kundende, uje nayenso atadwala, avomera, ndipo timamuona pabwalo ndi ana, akuwaonetsa kaikidwe ka phazi. Ena amati mathero amenewa ndi ofewa kwambiri, ndipo ndikuwamvetsa: kuvina sikubweza mfuti yolandidwa, sikutsitsa mtengo wa chakudya m'sitolo. Koma ine ndimaona kuti Gulpilil ankadziweruza yekha pamenepa. Ankadziwa kuti chimene anapatsidwa ndi akulu aja a mu 1969 chinali ngongole, ndipo ngongole yotero imabwezedwa kwa ana a fuko lako, pa nthaka imene nyimbozo zikutchula. Ku Sydney kuli Bangarra, gulu lotchuka la ovina achiaborijini limene linayamba mu 1989, ndipo pali mbadwo wonse wa osewera ndi opanga mafilimu amene amati njira anawalambulira ndi iye. Zimenezo ndi zazikulu. Koma manikay saphunzitsidwa pa kanema, ndipo ntchito imene inamupatsa dzina ndi yomweyo imene inkamuchotsa, chaka ndi chaka, pamalo okhawo pamene akanatha kubweza ngongoleyo mokwanira.

Atatuluka kundende mowa anausiya. Anaseweranso mu Goldstone mu 2016 ndi Cargo mu 2017, ndipo Storm Boy itapangidwanso mu 2019 anaonekamo ngati bambo a Fingerbone Bill. Koma mu 2017 anamupeza ndi khansa ya m'mapapo. Iye mwini ankati ndi fodya amene anasuta moyo wake wonse. Madokotala anamupatsa miyezi isanu ndi umodzi, iye anakhala zaka zinayi. Chifukwa cha chithandizo anakhazikika ku Murray Bridge, pafupi ndi Adelaide, m'dziko la Angarrindjeri lomwe lija, akusamalidwa ndi mayi wina amene anakhala naye mpaka mapeto. Kwawo kunali kutali kwambiri moti thupi silikanapirira ulendowo. Mu 2019 analandira ulemu wa ntchito ya moyo wonse wa NAIDOC, mphotho zolemekeza eni nthaka a ku Australia, koma anakamulandirira ndi ana ake. Molly Reynolds anamujambula m'zaka zimenezi, ndipo mu My Name is Gulpilil timaona munthu amene ankavina usiku wonse akuyenda pang'onopang'ono kupita pa bokosi la makalata la pageti, n'kupumira. Anakwanitsa kukhalapo pamene filimuyo inaonetsedwa koyamba ku Adelaide mu March 2021.

Anamwalira pa 29 November 2021, ali ndi zaka 68. Mwa mwambo wa Ayolngu dzina la womwalira silitchulidwa kwa kanthawi, choncho banja linapempha kuti azitchedwa David Dalaithngu, ndipo manyuzipepala ndi mawailesi a ku Australia, amene zaka 50 m'mbuyomo sankasamala n'komwe kalembedwe ka dzina lake, anamvera. Patapita masiku ochepa abale analoleza kuti dzina la Gulpilil ligwiritsidwenso ntchito, chifukwa mwiniwake ananeneratu kuti akufuna lipitirire kumveka pamodzi ndi ntchito zake. Thupi linanyamulidwa kuchokera kum'mwera kwa dzikolo mpaka ku Arnhem Land, koma anamwalira dzinja litayamba, nthawi imene misewu ya kumeneko imamira ndipo mafuko sangasonkhane, moti mwambo womaliza womuika kumudzi kwa makolo ake, pafupi ndi dambo la Arafura, unachitika chaka chotsatira madzi ataphwa.